Mita ya a Fyuzi Yapsa

"Mukachedwa nawo makinawa, a Fyuzi, makasitomala anga ndiwatumiza kuno mudzawamete ndi pulayala," anatero wometa uja ataima pakhomo la shopu, thaulo lili paphewa.

A Fyuzi sanadzutse mutu. Anali ataweramira makina ometera amene anawamasula patebulo, timasikuluwu atatiika m'chivindikiro cha botolo kuti tisagubuduke. Makinawo ankalira bwinobwino, kenako zii, ndipo ukagwedeza nthambo yake ankayambiranso. Dzulo lake anali atasiya mphunzitsi wina mutu uli theka.

"Vuto si makina," anatero a Fyuzi. "Ndi nthamboyi. Mumaikulunga ngati mukumanga mbuzi."

Dzina la Fyuzi anawapatsa ndi anzawo adakali anyamata, chifukwa sankachedwa kupsa mtima. Ukalamba unauziziritsa mtimawo, koma dzina linatsala. Shopu yawo inali chipinda chakutsogolo cha nyumba yawo yomwe, chodzaza ndi mawailesi, maketulo ndi mafani amene eni ake anaiwala kudzatenga. Kumapeto kwa tebulo, chakumanzere, kunkakhala mita yawo yoyezera magetsi. Inali yakale, yolemera ngati njerwa, ya kamuvi kopyapyala ngati tsitsi, koyenda pamwamba pa mizere ya timanambala. Pakati pake panali chozungulitsa chosankhira zimene ukufuna kuyeza, ndipo m'munsi munkatuluka nthambo ziwiri, yofiira ndi yakuda, za nsonga zachitsulo. Patsogolo pa mitayo panali kampando kopanda munthu.

Chiyambire, ntchito ya m'shopumo inali ya anthu awiri. Manja a a Fyuzi ankakhala ndi zochita onse, lina nthambo yofiira, lina yakuda, ndipo maso awo sankachoka pa nsongazo, pakuti nsonga ikatsetsereka pa waya wamoto munthu sakhala ndi nthawi yopepesa. Choncho mita inali ya akazi awo. A Fyuzi akati "njira", mayiwo ankapotokolera chozungulitsa kumbali yoyezera ngati waya ali wathunthu mkati. A Fyuzi ankagunditsa nsonga ziwirizo, mayiwo n'kusintha kagudumu ka pambali mpaka kamuvi kaime pa ziro. Akati "moto", ankapotokolera kumbali ya magetsi. Kenako ankaweramira pamita, diso limodzi atatsinzina, kufuna pamene kamuvi kabisa chithunzi chake pa kagalasi ka pansi pake, n'kutchula nambala. Madzulo aliwonse ankaipukuta ndi kansalu kofewa, n'kubwezera chozungulitsa pozimitsira, n'kuigoneka chagada. Sankalola kuti iimikidwe.

Mwana wawo wamkazi, namwino wokhala kutsidya lina la mzinda, atabereka mwana wake woyamba, mayiwo anapita kukathandiza kwa masabata ochepa. Tsopano khandalo linali litayamba kukwawa.

"Kodi amayi akubwera liti?" anafunsa wometa uja, atadzilowetsa yekha n'kutsamira fani yakufa. "Kapena kamnyamata kaja kakulandani basi?"

"Munthu wopanda mano angandilande mkazi ine?"

"Ndamva kuti ayamba kumera. Ake akubwera, anu akupita. Akazi amaziona zimenezo, a Fyuzi."

A Fyuzi anavala magalasi awo atsopano, n'kukokera mita pafupi. Anapotokola okha chozungulitsa kupita pa njira, anagunditsa nsonga ndi dzanja limodzi, linalo likulimbana ndi kagudumu. Zinkatheka. Zinkangochedwa, ndipo khosi linkawawa ndi kutembenukatembenuka. Anagwiritsa nsonga imodzi pa pulagi, ina komwe waya walowera m'makina, ndipo kamuvi kanathamangira kumanja. Atapinda nthambo pafupi ndi pulagi, kanagwera kumanzere ngati kakomoka.

"Si izo. Yadukira apa."

Anadula pamenepo, anasenda mawaya, analumikiza mwatsopano. Wometa uja pakamwa sipankatsekeka.

"Akanakhalapo amayi, bwenzi nditamwa kale tiyi muno. Ankati ndikangofika pakhomo, 'Alamu, mwameta angati lero osawadula khutu?' Pano muno muli ngati kumanda kwa mawailesi. Ngakhale fungo lasintha. Munkamveka mafuta awo odzola aja, pano ndi fumbi ndi masokosi anu."

Mafuta aja a Fyuzi ankawadziwa. Kabotolo kake kanali kadakali pawindo la kuchipinda, kotsala pansipansi, ndipo iwo sanakasunthe. Anamanga makina aja, analowetsa pulagi m'soketi. Makina analira, koma mofooka, ngati njuchi yotopa.

"Apa ndiye mwawapha," anatero wometa uja.

"Mwina magetsi atsika lero. Dikirani."

Anazula pulagi, anatenga nsonga ziwiri zija, anagwada pa soketi ya pakhoma. Maso ali pa nsonga, monga mwa zaka zonse, anati, "Moto."

Analowetsa nsonga, n'kudikira nambala.

Chimene chinamveka ndi kuti tswa! Kamuvi kanakamenya kumapeto kuti kho, kenako kanabwerera pang'onopang'ono. Kautsi kopyapyala kanatuluka m'mbali mwa mita, ndipo fungo la pulasitiki wopsa linadzaza m'shopu. Chozungulitsa chinali chidakali pa njira, pomwe anachisiya iwo eni.

A Fyuzi anakhalabe chogwada, nsonga zili m'manja.

"Mumauza ndani?" anafunsa wometa uja. Anayang'ana a Fyuzi, anayang'ana kampando kaja. Anatenga makina ake, anati awayesera kwake, ndipo potuluka anatseka chitseko mwaulemu ngati akuchoka pa maliro.

Atatsala okha, a Fyuzi anatsegula mita kumbuyo. Pamalo pa fyuzi, imene ikanaduka n'kupulumutsa zonse, panali kawaya kokulungidwa. Anakakulungapo ndi iwo omwe kalekale fyuzi itapsa, akuti mawa akagula ina, chinthu chimene akachipeza m'ketulo ya kasitomala ankalalata mpaka kumveka kumsewu. Moto unadutsa pa kawayako bwinobwino, n'kukaotcha karezisita kamodzi mkati, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, kamene tsopano kanali bii ngati kakhala. Anapendeka mita pang'ono. Kamuvi kanagwedezeka. Kanali kamoyo, kungoti kanapindika kunsonga.

Anatenga foni. A Fyuzi ankawaimbira ndithu akazi awo, sikuti sankawaimbira. Ankawafunsa komwe anaika mtovu wowotcherera, komwe kunali sikuludiraiva yaing'ono, ngati wailesi yofiira ija inali ya mayi wa buledi kapena ya mlonda. Mayiwo ankayankha molondola nthawi zonse, kenako pankakhala chete wautali, m'mbuyo mukumveka khanda, mpaka wina anene kuti, "Chabwino, zikomo." Anayang'ana foniyo kwa kanthawi, n'kuibwezera m'thumba.

M'mawa mwake anavala jekete, anakulunga mita m'thaulo, anakhoma shopu. Pa siteji ya basi panali kagolosale ka zipangizo zamagetsi kumene ankagula zinthu chiyambire ntchito. Mwini wake anawakodola ali kutali.

"A Fyuzi! Lero tikupatseni chiyani?"

"Palibe," anatero a Fyuzi, n'kukwera basi. Ulendo wonse mita inali chagada pamiyendo pawo, manja onse awiri ataigwira, ndipo basi ikagwera m'dzenje ankaikweza m'mwamba pang'ono.

Anapeza mwana wawo atavala kale yunifolomu, akufunafuna makiyi.

"Ababa! Kwagwanji? Amama, bwerani mudzaone, ababa akwera basi okha!" Anayang'ana thaulo lija. "Mwatibweretsera wodwala?"

Mayiwo anatulukira kukhitchini, mdzukulu ali m'chiuno. A Fyuzi anaona zinthu zingapo nthawi imodzi, ndipo zonse zinawapweteka pang'ono. Akazi awo anali atanenepa masaya. Tsitsi anali ataluka mwamtundu wina. Kumapazi kunali masilipasi a ubweya amene iwo sankawadziwa.

"Takulandirani, abambo. Kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino. Kaya kuno?"

"Tilipo." Anatembenuzira khanda kwa a Fyuzi. "Taona, mnzako uja wabwera. Mpatse moni, usaope, saluma."

Khandalo linawayang'ana a Fyuzi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubisa nkhope pakhosi pa agogo ake, ngati munthu wodziwa kuti mlandu anawina kale.

A Fyuzi anafunyulula thaulo patebulo lodyera. Mwana wawo anasuzumira.

"Iii, chigogo ichi chidakalipo? Ababa, masiku ano kuli mamita a manambala, ena amalira okha waya akakhala wabwino. Ndiwauza bambo ake a uyu akugulireni. Simudzafunanso munthu wokuwerengerani."

A Fyuzi anayang'ana akazi awo. Akazi awo ankapukuta dovu pachibwano cha khanda.

"Uchedwa kuntchito iwe," anatero mayiwo.

Chitseko chitatsekeka, anaika khanda pamphasa, analipatsa supuni yoti lizimenya pansi, n'kukhala pampando. Anakweza mita, anainunkhiza.

"Mwaipatsa moto ili pa njira."

"Inde."

Mayiwo anatambasula dzanja osawayang'ana, ndipo a Fyuzi anapisa m'thumba la jekete n'kuikapo sikuludiraiva. Mayiwo anatsegula kumbuyo, anachotsa kaye batire, anaiyang'ana ngati yatuluka madzi, n'kuiika pambali. Kenako chala chawo chinaima pa kawaya kaja.

"Fyuzi ija munati mukagula mawa."

"Ndinaiwala."

"Nthawi imeneyo uyu wapita kuntchitoyu anali asanayambe sukulu ya unamwino."

A Fyuzi anakhosomola. "Ndimati mundiwerengere mitundu ya karezisitako. Timizere take ndi tating'ono. Ndikadziwa mitundu ndikagula kolingana nako."

Mayiwo anapendeketsa mita kuti kuwala kwa pawindo kulowe. Anayang'ana kakhala kaja nthawi yaitali kuposa mmene kankafunikira.

"Mitundu yake ili kuti, abambo? Kapsa konse. Ndi kakuda kuyambira uku mpaka uku." Anaika sikuludiraiva pansi. "Ndipo wa golosale wa pa siteji mamita awa amawadziwa ngati ana ake. Mukanangomuonetsa malo, akanakupatsani musanamalize kulankhula. Munadutsa pakhomo pake lero lomwe."

"Anali wotanganidwa."

"Abambo."

Supuni inkamenya pansi, kho, kho, kho. A Fyuzi anayang'ana manja awo, zipsera za mtovu, zikhadabo zakuda m'mphepete.

"Ndinagwada pa soketi," anatero motsitsa mawu. "Ndinati, 'Moto.' Ndiye ndinalowetsa."

Mayiwo anakweza maso. A Fyuzi anapitiriza.

"Ndinadikiranso nambala."

Kunja kunadutsa galimoto yogulitsa zinthu, ikulengeza pa chimkuzamawu mpaka mawu ake anazimiririka. Mayiwo anatembenuza mita, anatenga nsonga ya nsalu yawo, anapukuta galasi lake pang'onopang'ono, mbali imodzi yokha, kuti kamuvi kasatengeke. Atalankhula, mawu awo sanali aukali.

"Mukudziwa kuti m'shopu muja ndamva mawu angati kuchokera kwa inu zaka zonsezi? Moto. Njira. Tsiku labwino, 'bwerezani.'"

"Sindinakulalatirenipo ine."

"Ayi, simunatero. Munkalalatira makasitomala, a magetsi, mvula. Ine ayi. Masiku ena ndinkalakalaka mutandilalatira, ndidziwe kuti mukuona kuti pakampando paja pali munthu." Analoza khanda ndi chibwano. "Kamunthu aka sikadziwa liwu ngakhale limodzi, koma kamandiuza nkhani kuyambira m'mawa mpaka kagone. Kakaona mbalame pawindo kamandikoka nsalu kuti nanenso ndione."

A Fyuzi anafuna kunena zambiri. Anafuna kunena za kabotolo ka pawindo, za mmene nyumba imamvekera munthu ukatsokomola wekha, za mmene Lamlungu limatalikira. Zonsezo zinafika pakhosi, zinapeza kuti njira yotulukira sizikuidziwa.

"Bwererani kunyumba," anatero.

"Ndidzawerenge kamuvi?"

"Kamuvi ndimakaona ndekha. Ndinagula magalasi." Anawatulutsa m'thumba, anawaika patebulo ngati umboni. "Ndimapotokola ndekha, ndimawerenga ndekha. Ntchito ikuyenda."

"Ndiye?"

"Ndiye... bwererani basi."

Mayiwo anatenga magalasi aja, anawayang'ana uku ndi uku. Mwendo umodzi unali womangidwa kale ndi kawaya ka kopa. Anaseka pang'ono kudzera m'mphuno, kenako anadzuka msanga n'kupita kukhitchini. Anakhalitsako kuposa nthawi imene ketulo imatenga kuti iwire. Pobwera ndi tiyi, maso awo anali ofiira pang'ono, ndipo anati ndi nthunzi.

Anamwa tiyi. Khanda linakwawira kumapazi a a Fyuzi, linagwira chingwe cha nsapato, linachikoka mpaka chinamasuka, n'kuwayang'ana kuti aone chimene lachita.

"Mkazi wanditengera, tsopano ukufuna nsapato?" anatero a Fyuzi. Khanda linaseka, mano ake atsopano ali poyera.

Atamaliza, a Fyuzi anayamba kuyala thaulo kuti akulunge mita. Mayiwo anaika dzanja pamwamba pake.

"Isiyeni kuno."

"Nanga ntchito?"

"Mukabwereke kwa anzanu. Kapena mupumeko, mawailesi aja sathawa. Karezisita ndikagula ndekha, ndi fyuzi yeniyeni. Mkamwini wanu ali ndi chowotcherera chimene sanachigwiritsepo ntchito chigulire."

"Mudzatha kuwotcherera inu?"

"Mukuganiza kuti pakampando paja ndinkagona tulo?" Anakokera mita kwa iwo. "Kamuvi kokha sindikawongola, kangathyoke. Kazikhala kopindika choncho, tidzakazolowera. Ndibwera nayo ndekha."

A Fyuzi anasiya thaulo lija. "Liti?"

"Uyu akufunika munthu womulera, ndipo sapezeka tsiku limodzi. Pakali pano muziimba madzulo. Koma osandifunsa komwe kuli mtovu. Uli m'chitini cha mkaka, pashelefu yapamwamba, ndakuuzirani kale. Muzindiuza zina."

"Ngati chiyani?"

"Maso muli nawo. Mwati munagula ndi magalasi omwe." Anawabwezera magalasiwo m'manja. "Ndikamva kuti kunyumba kuja kumachitika zinthu zoti munthu n'kumvako, ndilongedza chikwama."

Anawaperekeza mpaka pageti, khanda lili kumsana. Anawakonza kolala ya jekete imene inapindikira mkati, mwina chichokere kunyumba, n'kubwerera osacheuka.

M'basi a Fyuzi anapeza malo a pawindo. Manja sankadziwa powaika. Anawaika pamaondo, anawapinda pachifuwa, anawabwezera pamaondo. Anavala magalasi, koma msewu wonse unasanduka chifunga, pakuti anali oonera pafupi. Anawavula.

Poyamba sanaone chilichonse, msewu unali msewu basi. Kenako anaona bambo wina atanyamula chitseko chathunthu panjinga, chogwirira chake chilipo, kiyi akulendewera pachibowo. Anamuyang'ana mpaka basi inamupitirira. Patsogolo, mayi wina ankakangana ndi kondakitala kuti nkhuku yake siyenera kukhala pansi chifukwa imadwala mutu ndi fumbi. Chapafupi ndi mlatho, nyumba imene ankachita lendi atangokwatirana, ya chipinda chimodzi ija, inali itapakidwa utoto wobiriwira, ndipo pakhomo pake panali chikwangwani cha malo okonzera tsitsi. Mtengo wa mapeyala unali udakalipo. Sankadziwa kuti basi imadutsa pamenepo, ngakhale m'mawa anadutsa njira yomweyo.

Anazibwereza mumtima kuti zisatayike: chitseko, nkhuku, nyumba yobiriwira. Anayesa kuganiza mmene angayambire. Ya chitseko inkatha msanga. Ya nkhuku inkafuna munthu wodziwa kusintha mawu, ngati wometa uja. Ya nyumba sankadziwa ngati angaifikitse kumapeto. Anaona kuti zonse pamodzi sizingatenge nthawi yaitali, ndipo pambuyo pake padzabweranso chete uja.

Dzuwa linali lidakali m'mwamba. Basi isanafike pa siteji yawo, a Fyuzi anagogoda pachitsulo.

"Nditsika pano."

"Simunafike, madala," anatero kondakitala. "Kwatsala mtunda."

"Ndikudziwa," anatero a Fyuzi. Anatsika, anamanga bwino chingwe cha nsapato, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, akuyang'ana mbali zonse ziwiri za msewu.